Galimoto Yogwadira Apongozi

Pa Nsaru panali galimoto imene inayenda ulendo wonse wochokera ku Joni, kudutsa m'maiko a eni ndi m'zipata zawo, koma n'kulephera kamtunda kotsiriza kokafika pakhomo pa mwini wake. Inali pikapu yofiira ngati tsabola wakupsa. Mwini wakeyo anali Nasoni Phiri, mkamwini wa kwa aNamwale, kutsidya kwa dambo.

Ku Joniko Nasoni ankagwira ntchito m'galaja ina kumene anyamata olemera ankabweretsa magalimoto awo kuti awatsitse mpaka mimba ikhudze pansi. Luso analiphunzira, ndipo pikapu yakeyo anaikonza yekha akaweruka. Anachotsa masipuling'i n'kuikamo matumba a mphira odzaza mpweya, limodzi pa tayala lililonse. Kuseri kwa mpando anabisako kompuresa ndi kathanki. Akadina batani lina, galimoto inkadzuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe imene yaona goli. Akadina linzake, inkausa moyo, fyuuu, n'kugwada mpaka fumbi kuuluka m'mbali. Marimu ake anali onyezimira, matayala opyapyala ngati lamba wa m'chiuno. A kabaza anaipatsa dzina loti Namwali, ati chifukwa inkagwada bwino kuposa atsikana a masiku ano.

Tsono mfundo yake inali apa. Mpweya umakweza thupi la galimoto, koma sukweza difu, chimphika chachitsulo chija chimene chimakhala pakati pa matayala akumbuyo. Difu imakhala pamene matayala aiika, basi. Njira ya kwa aNamwale inali ya ngolo: ngalande ziwiri zakuya, pakati pake msana wa dothi wokwera ngati mzere wa mbatata. Tsiku limene Nasoni anayesa, pikapu inakwera pamsanapo ndi difu n'kukhala phee, matayala akuzungulira m'malere, mpaka anachita kuikoka ndi ng'ombe za apongozi ake omwe. Kuyambira pamenepo Namwali ankagona pa Nsaru, mumpanda mwa Zakeyo wowotcherera zitsulo. Loweruka ankanyamula akwati kuchokera kutchalitchi, anthu akuimba nthungululu, koma mwini wake ankabwerera kunyumba pa njinga ngati wina aliyense.

Chaka chimenecho, mvula ikupita kumapeto, mkazi wa Nasoni, Tiyanjane, anali kuchidikiro ku chipatala cha mishoni ku Namitete. Pakati pake panali poyamba. Womudikirira anali a Hana, amayi ake aang'ono. Foni inalira m'mawa, Nasoni ali m'chigafa akupachika fodya.

"Adokotala akuti mwana wagona chopingasa," anatero Tiyanjane. Mawu ake anali aang'ono, ngati akulankhula ali m'bulangete. "Akuti sadikira matenda. Andipanga opaleshoni mkuja m'mawa."

"Ndikunyamuka pompano."

"Inu ndinakuonani kale. Ndikufuna amayi."

Anayesa kuseka kuti mawuwo asamupweteke mwamuna wake, koma kusekako kunathyoka pakati. Nasoni anangomva mphuno ikukokedwa, kenako mawu a a Hana chapatali akuti, "Usalire, iwe, umutopetsa mwana." Foni inaduka.

ANamwale anali asanatuluke m'mudzimo kuyambira pamene sitiroko inawagwira. Mwendo wakumanzere unkangokokedwa, dzanja la mbali yomweyo linali lofooka, koma pakhomo pawo ankayenda okha ndi ndodo, ndipo mutu unali wakuthwa ngati kale pamene ankatsogolera amayi a Chigwirizano. Tsiku limene anagwa, amuna anawanyamula m'bulangete kukawaika m'ngolo, mudzi wonse uli bwalo, ndipo chitenje chawo chinamasuka. Palibe amene anaitchulanso nkhaniyo. Iwo okha ndi amene sanaiiwale.

Kukambirana ndi apongozi kunali ndi njira yake. Chikwatirire, Nasoni anali asanayang'anepo aNamwale m'maso, ndipo iwo anali asanamuyankhulepo molunjika. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'chimanga. Motero Nasoni ananjuta pambali pa nkhokwe, nkhope atalozetsa kumunda. ANamwale anali pamkeka pakhonde, akusankha nyemba m'lichero. Pakati pawo panaima Edith, mkulu wake wa Tiyanjane, manja ali m'chiuno.

"Alamu, muwauze amayi kuti Tiyanjane waimba. Akuwafuna."

"Amayi, akuti Tiyanjane waimba," anatero Edith, osatembenuka n'komwe. "Zinazo mwadzimvera nokha, makutu anu amaposa athu."

"Uwauze a Phiri kuti mwana wanga ndimupempherera ndili pompano," anayankha aNamwale. "Mulungu sadikira thiransipoti."

"Muwauze kuti ngolo ilipo. Tiyala matiresi. Amayi a Chigwirizano awakweza, amuna onse titachokapo. Pa Nsaru tikawasamutsira m'galimoto."

"Uwauze kuti ndinanyamulidwapo kale, ndipo mudzi unaona zimene unaona. Kaya amayi, kaya angelo, sindinyamulidwanso ndili wamaso."

Nkhuku inabwera kudzajompha m'mphepete mwa lichero ndipo palibe anaiingitsa. Ndi ngodya ya diso Nasoni anaona kuti dzanja la apongozi lasiya kusankha. Linali litagwira kanyemba kamodzi, likungokatembenuza.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "muwafunse. Itapezeka galimoto yofika pano pakhomo, yoti alowe okha ndi mapazi awo, osagwidwa ndi munthu?"

"Yofiira ija?" anatero aNamwale, Edith asanatsegule pakamwa. "Uwafunse ngati akufuna ndiwabwerekenso ng'ombe."

Edith anaseka mpaka kugwira mzati. Koma Nasoni, amene anali ataphunzira kumva apongozi ake ngati mmene mlimi amamvera mitambo, anazindikira kuti sanakane.

Pambuyo pake, aNamwale atapita kuseri, Edith anamukodola. Anamulozera pakhomo la nyumba, pamene panali njerwa imodzi yoimika cham'mbali yotchinga madzi a mvula.

"Phazi lawo limakwera mpaka apa. Kupitirira apa ayi. Kutchalitchi anasiya chifukwa cha masitepe aja."

Nasoni anathyola phesi la chimanga, kuliyeza panjerwapo, n'kuliika m'thumba la malaya.

Mumpanda mwa Zakeyo munali chigalimoto chakale cha ku esiteti ya fodya, chopanda injini, nkhuku zikuikira pampando. Matayala ake okha ndiwo anali amoyo: aatali, a mano akuluakulu, pa marimu achitsulo amene kale anali oyera. Nasoni anawerenga mabowo a mabawuti, anayeza ndi chingwe, ndipo anapeza kuti akugwirizana ndi a pikapu yake.

"Amwene," anatero Zakeyo, atakweza magalasi ake akuda pamphumi, "mukufuna kumuveka Namwali magambuti?"

"Akupita kumunda."

"Akwati adzakwera zimenezi?"

"Bweretsani jeke, a Zakeyo."

Anadzutsa galimoto mpaka pamapeto pa matumba ake, n'kuyamba kumasula. Marimu onyezimira aja anawagoneka pa katoni, limodzi pamwamba pa linzake, Nasoni akuika nsanza pakati kuti asakandane. Matayala aakulu analowa movutikira koma analowa. Atatsitsa jeke womaliza, Nasoni anakwawira pansi n'kuyeza ndi dzanja kuchokera pa dothi kufika pa difu. Anatuluka akumwetulira. Msana wa njira ija tsopano ukanangodutsa pansi.

Edith anafika nthawi yomweyo kuchokera mumsika, atanyamula sopo ndi shuga zopita kuchipatala. Anaizungulira galimotoyo kamodzi.

"Ee, alamu! Yaoneka ngati mkwatibwi wobwereka nsapato za amalume ake. Tagwaditsani tione."

Nasoni anadina batani. Mpweya unayamba kutuluka, thupi linatsika pang'ono, kenako kunamveka gudu, ndi kulira kwa chitsulo chopindika. Anachotsa chala msanga. Madigadi onse anayi, zitsulo zophimba matayala zija, anali atakhala pamwamba pa matayalawo. Galimoto inaima pakatikati, siinagwade, siinaime, ngati nkhalamba ya nyamakazi imene yayamba kupereka moni n'kusintha maganizo. Anatulutsa phesi lija n'kuliimika pansi pa chitseko. Polowera panali pa bondo la munthu.

Anakhala pa tayala lakutha, atatu onse akuyang'ana. Matayala aang'ono ankalola galimoto kugwada koma osafika pakhomo. Aakulu ankaifikitsa pakhomo koma osagwada. Apongozi ankafunika zonse ziwiri.

"N'zosavuta," anatero Zakeyo. "Kumbani dzenje pakhomopo, galimoto ilowemo. Mayi angoponda n'kulowa."

"Nanga kuchipatala?" anatero Nasoni. "Pali simenti. Ndikakumbe pakhomo la amishoni?"

"Chabwino. Pakhomo dzenje. Mukafika pano tidzasinthe, tibwezeretse aang'ono aja. Mayi ali momwemo, sadzatsika ayi."

"A Zakeyo, mumawadziwa amayi anga?" anatero Edith. "Akhale pa jeke pakati pa Nsaru, tsiku la msika, inuyo muli chagada pansi pa mpando wawo? Ogulitsa tomato onse akuonerera? Bola muwaphe."

"Ndimangothandiza maganizo."

"Thandizani ena."

Nasoni anayang'ana madigadi aja. Yankho ankalidziwa kuyambira pamene anamva gudu uja, mwinanso kuyambira m'mawa. Ku Joni anali atalichitapo pa magalimoto a anthu ena. Tayala likakula, umalipatsa malo. Umadula madigadi, umadula ndi pansi pa bodi pamwamba pa matayala akumbuyo, kuti thupi likamatsika tayala lilowe m'kati. Kumeneko ankachita ndi makina abwino, n'kuwotcherera zitsulo zatsopano, n'kupakanso utoto mwakuti munthu sangaone chipsera. Pa Nsaru panali galainda ya Zakeyo, nyundo, ndi dzuwa limene linali litapendeka kale.

Anadzuka n'kusisita madigadi akutsogolo ndi chikhatho. Utoto umenewu anaupaka yekha, Lamlungu lina kukuzizira, atatseka zitseko za galaja kuti fumbi lisalowe. Usiku wake anamuimbira Tiyanjane, amene nthawi imeneyo anali chibwenzi chabe, n'kumuuza kuti galimoto waipaka utoto wa mtundu wa diresi lake lofiira.

"Choko muli nacho?" anafunsa.

Zakeyo anamuyang'ana, kenako anayang'ana galimoto. "Amwene, chitsulo sichimera."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndidule ndine. Inu mupite mukamwe tiyi."

"Ayi. Mukalakwitsa ndidzakudani. Ndikalakwitsa ndekha ndidzangokhala chete."

Anajambula mzere wokhota pamwamba pa tayala lililonse, kuufufuta, kuujambulanso. Magetsi, mwa chisomo, analipo. Galainda italuma koyamba, Edith anatembenuka n'kuyang'ana kumsika. Moto unathethekera pansi, utoto unatuwa m'mbali mwa mzere n'kutupa matuza, fungo lake linadzaza mumpanda. A kabaza amene anasonkhana pachipata sanaseke. Chidutswa choyamba chinagwa pa dothi, chofiira kunja, chotuwa m'kati, chopindika ngati chikwakwa. Nasoni sanachiyang'ane. Anapita pa tayala lachiwiri.

Akumbuyo ndiwo anavuta. Anadula pansi pa bodi mabowo awiri aakulu, ndipo anachita kusuntha paipi ya mpweya imene inadutsa pafupi kwambiri ndi mano a tayala. Zakeyo anapinda m'mphepete monse ndi nyundo. Atamaliza, Nasoni anayendetsa chala pamene anadulapo n'kudzicheka pang'ono.

"Apa pangakole chitenje," anatero.

Anapeza paipi yakale yothiririra kudimba, yobiriwira, anaing'amba m'litali n'kuiveka m'mphepete mwa madigadi onse, kumanga ndi waya. Zakeyo anapukusa mutu.

"Tsopano wavala magambuti ndi mikanda."

Nasoni anadina batani. Namwali anausa moyo wautali, matayala analowa m'malo awo atsopano, thupi linatsika, linatsikabe, mpaka fumbi linauluka. Edith anaomba m'manja kamodzi. Phesi litaimikidwa, polowera panali pamwamba pake ndi zala zitatu.

"Zala zitatu zokha," anatero Zakeyo.

"Kwa amayi ndi phiri limenelo," anatero Edith.

Nasoni anayang'ana tayala lonenepalo kwa kanthawi. "Lili ndi mpweya wambiri," anatero. "Tidzauchotsako mbali yawo. Kompuresa ndili nayo, ndidzapopanso."

M'mawa mwake pikapu inalowa njira ya ngolo. Pa dambo matope anafika m'marimu koma mano aja anagwira. Pamene inakhalira tsiku lija, Nasoni anachepetsa liwiro, anatchera khutu, ndipo anangomva udzu ukusisita difu. Ana a m'mudzi anaithamangira mpaka pabwalo la aNamwale.

"Chokani!" anakuwa Edith, atatola kamtengo. "Simunaonepo galimoto?"

"Iyi tinangoiona ikukokedwa ndi ng'ombe!"

Anawathamangitsa mpaka kumjigo, n'kuuza akuluakulu amene anayamba kusuzumira kuti amayi sakufuna maso. Nasoni anazungulira n'kukaimika kuseri, pakati pa nyumba ndi chigafa, pamene munthu wodutsa sakanaona kanthu. Anaigwaditsa. Ndi kamsomali anatulutsa mpweya m'matayala awiri akumanzere, galimoto inapendekera mbali imeneyo ngati munthu wotchera khutu. Phesi ndi polowera zinafanana ndendende. Anatsegula chitseko, anatsitsa galasi, n'kukabisala m'chigafa kuseri kwa fodya.

ANamwale anatuluka atavala chitenje chawo cha Lamlungu ndi duku yoyera. Ankayenda pang'onopang'ono, ndodo patsogolo, phazi lakumanzere likusiya mzere pamchenga. Sanapite kuchitseko. Anaima pa tayala lakutsogolo n'kugwira paipi yobiriwira ija, kenako matuza a utoto.

"Edith, izi zinali chonchi kale?"

"Ayi. Adula dzulo."

"Wadula ndani?"

"Eni ake."

ANamwale anasisita matuza aja ndi chala. "Utoto wabwinobwino," anatero, ngati akudzilankhulira.

Edith analowera mbali ya dalaivala n'kukhala pakati, pamalo pake pa ulendo wonsewo. Analandira ndodo, kenako dzanja lamanja la amayi ake. Kugwirana dzanja si kunyamulidwa. Pa mfundo imeneyi anali atagwirizana kale. ANamwale anatsamira mkono wofooka uja pawindo la chitseko n'kukweza phazi lamanja. Linafika. Koma thupi lonse litatsalira pa mwendo wodwala, chitseko chinasuntha, ndipo anabweza phazi msanga. Anayesanso. Chitseko chinathawanso. Anaima akupuma mofulumira, thukuta lili pamphuno.

"Amayi, ndituluke ndikugwireni m'khwapa. Palibe akuona."

"Undisiye."

"Ndiye tichite bwanji? Tiyanjane akudikira."

Nasoni ankaona zonse pakati pa masamba a fodya. Anaona apongozi akuyang'ana pakhomo la nyumba yawo, ndipo anaganiza kuti basi, abwerera. Koma iwo anawongola duku.

"Edith," anatero mokweza pang'ono, "chitseko ichi chikuthawa. Kodi pamudzi pano palibe munthu woti n'kuchigwira?"

Pamudzipo, kuseri kumeneko, munthu analipo mmodzi yekha. Nasoni anatuluka m'chigafa chowerama, anadzera kutsogolo kwa galimoto, n'kunjuta kuseri kwa chitseko. Anachitsamiza paphewa, dzanja limodzi anagwira pawindo, nkhope analozetsa ku tayala. Pakati pa iye ndi apongozi ake panali chitsulo chofiira chokhuthala ngati chikhatho.

Kulemera kwawo kunabwera paphewa pake kudzera m'chitsulomo. Anadabwa. Mayi amene iye ankawaopa zaka zonsezi, amene chifuwa chawo chokha chinkamupatutsa panjira, anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Dzanja lawo lofooka linatsetsereka pawindo n'kukhala pamwamba pa zala zake, lozizira, louma. Dzanjalo silinachoke. Linakanikiza, mwendo wodwala unakwekwereza pamchenga, mpando unalira, ndipo kulemera kuja kunachoka.

ANamwale anakonza chitenje chawo pamaondo.

"Uwauze atseke," anatero aNamwale. "Udzudzu ulowa."

Nasoni anatseka mosamala, anapopa matayala awiri aja, n'kukhala pa chiwongolero. Atadina batani lodzutsa, galimoto inayamba kukwera, ndipo aNamwale anagwira bondo la Edith.

"Mayo! Ikutani?"

"Ikudzuka, amayi."

"Imachita chonchi tsiku lililonse?" Anasuzumira pawindo kuona pansi pakutalikira, ndipo kaphwete kanawapulumuka, kakafupi, ngati ka mtsikana. Anakabisa ndi chitenje.

Panjira minda inawamasula aNamwale pakamwa. Zonse ankauza Edith. Chimanga cha uje chachita chikasu chifukwa anathira feteleza mochedwa, monga mwa masiku onse. Golosale iyi inamangidwa liti? Mtengo wa mango unali apa wadula ndani? Podutsa pa manda a mudzi woyandikana nawo anafunsa ngati ndi pamene anagona a Margret, mnzawo wa m'Chigwirizano amene maliro ake sanapiteko. Edith anavomera. Nasoni anachepetsa liwiro popanda womuuza, ndipo anayenda choncho mpaka mitengo ya pamandapo inatha.

Atalowa tala pa Msundwe, matayala aakulu aja anayamba kung'ung'udza, ndipo chiwongolero chinkanjenjemera m'manja. Pokhota kwambiri tayala lakumanja linkakhudza penapake, khwee. Nasoni ankamva kulira kulikonse m'mano mwake. ANamwale anati galimoto imeneyi ikuimba besi ngati a Zakeyo kukwaya.

Kuchipatala kunalibe kuseri kobisalako. Pakhonde la chidikiro panali amayi ambiri, ena akuluka, ena akuphika pa mbaula, ndipo onse anatukula mitu pikapu yofiira itaima. Nasoni anamva apongozi ake akukoka mpweya. Anaigwaditsa, anatsika, anaphwetsa matayala awiri, n'kutsegula chitseko. Ulendo uno sanadikire kuitanidwa. Ananjuta kuseri kwake n'kuikapo phewa.

Amayi a pakhonde aja anaona galimoto yachilendo ikugwada, dalaivala wake akunjuta, ndi mayi wa duku yoyera akutsika mosafulumira, n'kulandira ndodo yake. Wina ananong'oneza mnzake kuti mwina ndi mayi busa.

Tiyanjane anatulukira pakhomo, dzanja lili kumsana, a Hana ali pambuyo pake. Nkhope yake inali yotupa ndi kusagona. Anaima, anayang'ana, pakamwa pali yasa.

"Amayi! Wakunyamulani ndani?"

"Andinyamule ndani? Miyendo ndilibe?"

Tiyanjane anafuna kuthamanga, a Hana anamugwira mkono. Motero anayenda onse awiri, mayi ndi mwana, wina akukoka mwendo, wina akukankha mimba, mpaka anakumana pakati pa bwalo. Tiyanjane anaika mutu paphewa la amayi ake n'kulira mosabisa. ANamwale anamusiya alire. Kenako anapatsa Edith ndodo, n'kuika dzanja lawo labwino pamimba paja.

"Ndiye iwe ndi amene wagona chopingasa? Malo onsewa osakukwanira? Khalidwe limeneli si la kwathu ayi. Ndi la kwa a Phiri, anthu oika galimoto pamsana pa njira."

Tiyanjane anaseka misozi ili m'masaya, kuseka kwenikweni kochokera pansi, mpaka anagwira m'nthiti. Akupukuta m'maso, anayang'ana kupyola phewa la amayi ake n'kuona pikapu: marimu a dzimbiri, paipi yobiriwira, matuza a utoto. Anayang'ana mwamuna wake, amene anali ataima patali, kamsomali kali m'manja. Anatsegula pakamwa, koma Nasoni anapukusa mutu pang'ono, ndipo iye anatsekanso.

"Mawa ndidzakuperekeza mpaka pakhomo la fiyeta," anatero aNamwale. "Ukadzatuluka udzandipeza pomwepo. Tiye, undionetse pamene ukugona. Hana, mwana ameneyu mukumudyetsa koma?"

Anayamba kulowera kukhonde, onse anayi pa liwiro la ndodo. Atayenda pang'ono aNamwale anaima. Sanatembenuke. Anayang'ana khoma la chipatala limene linali patsogolo pawo.

"A Phiri," anatero, "mupope matayala aja angawonongeke. Mukatha musapite kutali. Nkhuku ili m'basiketi, ntchafu tikusungirani."

Edith anatsegula pakamwa mwa chizolowezi kuti apereke uthengawo, n'kupeza kuti palibe choti apereke.

"Zikomo, amayi," anatero Nasoni, akuyang'ana pansi.

Analumikiza paipi ku tayala lakutsogolo n'kuyatsa kompuresa. Inali yaphokoso, koma pamwamba pa phokosolo ankamvabe mawu a Tiyanjane kuchokera m'kati, akufotokozera amayi ake zonse mofulumira, za adokotala, za mnzake wa pabedi loyandikana nalo, za nsikidzi, osapumira.